Paipi ya Utsi ya m'Boti la Ababa

Ine ndinabadwira m'nyumba ya munthu amene sankafuna kuona kanthu kogwedera. Ababa, a Fundi Useni, ankakhoma maboti a matabwa kwathu ku Liwaladzi, ndipo akakhala pampando wogwedera, ngakhale pamaliro a eni ake, ankadzuka, kuutembenuza, n'kuyamba kufunsa mwala woti aukhomere. Ntchito imene ankainyadira koposa inali kalafati. Uko ndiko kutenga thonje, kulinyika m'mafuta, n'kulikhomerera ndi kachitsulo m'mipata ya matabwa kuti madzi asapeze polowera. Kwa iwo mpata uliwonse unali mdani. Ndiye taganizani, munthu wotereyu Mulungu n'kumupatsa mkamwini wosiya mipata dala.

Mkamwiniyo ndi amuna anga, a Amon. Makolo awo anachokera kumpoto n'kudzakhazikika ku Dwambazi. Ali mnyamata anapita ku Zambia, kumene anakagwira ntchito pabwalo la ndege, kupatsira masipanala ndi kutsuka zitsulo za amakaniko okonza ndege za jeti. Atabwerako anandikwatira, Ababa atavomera mokakamizika, n'kudzakhala pachikamwini kwathu. Choncho Ababa atapeza injini yakale ya dizilo yoti aike m'boti lawo lalikulu, woiika anali a Amon.

Injini ija anaiika bwino, palibe anadandaula. Mkangano unali pa paipi ya utsi. Paipi yotuluka m'injini anailowetsa m'kamwa mwa paipi ina yokulirapo, yokwera m'mwamba, koma sanamange zolimba. Pamabawuti olumikiza anaikapo masipuling'i, ndipo paipi yokwerayo anaikoleka ku nthiti ya boti ndi kachitsulo kolendewera. Injini ikangolira kumene, chinthucho chinkachita gwedegwede ngati chitini chopanda kanthu, n'kumatulutsa kautsi pambali. Ikatentha phokoso linkachepa, n'kutsala kakuti tchetchetche, kamene tonse tinakazolowera.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti kodi mphamvu zomangira bawuti zinawathera ku Zambia.

Iwo anaseka. "Amake Safiya, chitsulo chikatentha chimatalika. Ukachimanga mbali zonse chimafunabe kopita, ndiye chimathyola chimene chachigwira. Ngakhale ndege, kumchira kumene kumatulukira moto kuja, mapaipi ake sawamanga nganganga. Amawakoleka pa tizitsulo toyenda, kuti akatentha asunthe mwakufuna kwawo."

"Kawauzeni Ababa zimenezo."

"Mukawauze inu."

Umo ndi mmene zinkakhalira. Mkamwini saphunzitsa apongozi ake ntchito, makamaka apongozi amene gombe lonse limawatchula kuti fundi. Awiriwo ankapatsana moni mwaulemu, kukambirana za mphepo ndi za mvula, basi. Mawu onse olemera ankadzera mwa ine, ndipo ine ndinkawasenda makoko ndisanawapereke. Za paipi ndinawauza Ababa kangapo. Iwo ankangoti, "Ndamva," n'kuyang'ana kumbali, ndipo ndinkadziwa kuti chinthucho chikuwayabwa tsiku ndi tsiku.

Chaka chimenecho mvula inaononga msewu, malole osadutsa. Ndiye kunamveka kuti kuboma kukubwera nduna, ndipo amayi a dera lililonse akavine. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo kuvina sikunali kofunsa ngati mwendo ukukupweteka. Tcheyamani wa dera lathu, a Goodwell, anabwera kudzanena kuti boti la Ababa ndilo litenge amayi. Anali munthu wamfupi, wokonda kulankhula atatseka maso ngati akupemphera. Atamaliza ndi Ababa anatembenukira kwa a Amon, ndipo apa maso anatsegula.

"Inu a ku Zambia, injini ndi yanu eti? Amayiwa akakachedwa, kapena kukachitika kanthu panjira, mukafotokoza nokha. Paja uko munaliko kuli anzanu ambiri osafunira dziko lino zabwino."

Ananena akumwetulira. Munthu wobwera ku Zambia, kuwonjezera apo wakumpoto, sankafunika mlandu waukulu. Tinali titaonapo mphunzitsi wa kwathu konko ataitanidwa kuti akangofotokoza, ndipo mkazi wake anafika potopa kudikira n'kubwerera kwawo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti boti likafike nthawi yabwino ndipo amuna anga abwerere nane kunyumba.

Kutatsala tsiku, a Amon anakwera njinga kukasaka dizilo ku Dwangwa. Ife amayi tinali pansi pa mango kuphunzira nyimbo, a Mariamu akutitsogolera ndi kutikalipira. Cha kugombe kunkamveka nyundo ya Ababa. Sindinaganizepo kanthu, pakuti nyundo imeneyo ndinakula nayo.

Matope anawachedwetsa a Amon, moti anagona komweko n'kufika m'mawa, ife titadzaza kale m'boti, a Goodwell akupondaponda pamchenga. Anathira dizilo mothamanga, kuyang'ana oyilo, n'kupukusa injini. Ng'oma zinali zitayamba, amayi akuimba mokuwa kuti a tcheyamani amve kuti tadzuka ndi chimwemwe. Paipi inali itabisika kuseri kwa thabwa latsopano loimika, ndipo pathabwapo a Goodwell anali atayalapo nsalu ya chipani, ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko ija, kuti boti lioneke la pamwambo. Ababa anakhala kumbuyo atagwira chiwongolero, injini pakati, a tcheyamani kutsogolo pampando umene anabwera nawo okha. Ine ndinadzipanikiza pafupi ndi amuna anga.

Tinayenda ndithu, mudzi n'kubisika. Nyanja inali yabata, dzuwa likuyamba kuluma. Kenako a Mariamu mawu anawauma, nyimbo inaduka, amayi n'kuyamba kumasula chinangwa chophika. Pamenepo ndinaona a Amon atapendeketsa mutu ngati nkhuku yomva kabawi.

"Amake Safiya, mukumva?"

"Sindikumva kanthu."

"Vuto lake ndi limenelo."

Ndinatchera khutu. Injini inkalira bwinobwino, koma katchetchetche kaja kunalibe. Iwo anakweza nsalu ija mosamala, n'kusuzumira kuseri kwa thabwa, ine n'kusuzumira nawo. Kunena zoona, inali ntchito yokongola. Masipuling'i onse anali atachoka, mabawuti atamangidwa mpaka kumapeto. Kachitsulo kolendewera kanalibepo, m'malo mwake paipi inali itakhomereredwa ku nthiti ya boti ndi lamba wachitsulo. Mumpata uja wa pakati pa mapaipi awiri munali thonje la mafuta, lokhomereredwa mwaluso monga Ababa okha ankadziwira, ndipo pamwamba anapakapo penti wakuda. Penti uja anali atayamba kutuluka matuza.

Nkhope ya amuna anga inatuwa. Anandiyandikira kukhutu.

"Pitani mukawauze apongozi. Tikhotere kumtunda, ndizimitse injini, paipi izizire, ndimasule. Tikapitiriza chonchi ithyoka, ndipo thonje ili liyaka."

"Mpaka kuyaka?"

"Ndi thonje la mafuta, amake Safiya. Pitani."

Kuchoka pa injini kufika kwa Ababa sipanali patali, koma panali miyendo ya amayi, mitolo, ng'oma ndi ana a kumsana. Ndinkaponda uyu, kupepesa, kugwira phewa la uyo. Wina anati, "Rahila, wathinidwa kale? Nyanja yonseyi ndi yako." Anzake anaseka, inenso ndinaonetsa mano.

Ndinagwada pafupi ndi Ababa. Mawu ndinawasenda monga mwa masiku onse.

"Ababa, akuti ntchito mwagwira pa paipi ndi yooneka bwino. Koma akuti mwina ikufuna kupumako pang'ono, poti yatentha."

Ababa sanandiyang'ane. Maso anali kutsogolo, chibwano chili m'mwamba.

"Dzulo Goodwell anabwera kudzayendera boti," anatero. "Anagwira paipi ija n'kuigwedeza pamaso pa asodzi onse. Akuti, a Fundi, ukalamba wafika m'manja eti, mwayamba kukhoma zogwedera? Anthu anaseka. Munthu woti sadziwa kumene nyundo imagwiridwira, kundiseka ine. Ukawauze amunako kuti m'boti la Useni mulibe chogwedera. Ndakonza."

Ndinabwerera, kupondanso miyendo yomwe ija. A Amon anali atagwada, khutu lili pafupi ndi thabwa. Tsopano ngakhale ine ndinamva. Chitsulo chinkati the, the, pang'onopang'ono, ndipo nthiti ya boti inkalira ngati chitseko chakale. Fungo la penti wopsa linali litayamba kusakanikirana ndi la dizilo.

"Ati bwanji?"

"Ati akonza."

Anatseka maso. "Mwawauza za moto?"

"Ndinati yatentha."

"Rahila." Sankanditchula dzina pagulu, ndipo ndinadziwa kuti zafika poipa. "Ulendo uno musachotsepo kanthu. Mukanene monga ndanenera."

Ulendo wachiwiri amayi sanaseke. Ena anali atayamba kununkhiza m'mwamba n'kuyang'anana. Ndinafika kwa Ababa, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinawauza mawu a mkamwini wawo osasenda.

"Ababa, akuti mwalakwitsa. Chitsulo chija chikutalika ndipo chilibe kopita. Chithyoka, thonje lanu liyaka, ndipo muno muli ana. Akuti mukhotere kumtunda."

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Koma ndinaona mphuno za Ababa zikugwira fungo lija. Fundi wa matabwa fungo la thabwa lotentha amalidziwa. Anayang'ana kumtunda, kumene kunali mabango okhaokha, anayang'ana dzuwa, kenako anayang'ana msana wa a Goodwell kutsogolo.

"Tikakhota, tidikire chitsulo chizizire, tifika gule atatha," anatero motsitsa mawu. "Ndiye akafunsa ndani, ine kapena amunako?"

Tonse tinkadziwa yankho.

"Ukamuuze achepetse moto wa injini pang'ono. Pang'ono pokha, asamve uyo. Inshaala tifika."

Ndinapita nawo mawuwo. A Amon anapukusa mutu, komabe anagwira kachitsulo ka mafuta n'kukabweza pang'ono. Kulira kwa injini kunatsika. Ine ndinkati palibe angazindikire, koma munthu amene akuopa kuchedwa amamva ndi msana womwe. A Goodwell anatembenuka, anadzuka pampando wawo, n'kuyamba kubwera, akukankha amayi ndi mawondo.

"Chachitika n'chiyani? Bwanji tikuyenda ngati tikuperekeza maliro?"

"Injini yatentha pang'ono, a tcheyamani," anatero a Amon. "Ndati ipumeko."

"Yatentha lero? Masiku onse mumanyamula matumba a mpunga osatentha, lero mwanyamula amayi a chipani ndiye yatentha?" Anayang'ana ine. "Ndipo mayi awa akhala akuyendayenda, kunong'ona uku, kunong'ona uko. Mukupangana chiyani?"

"Palibe, bambo," ndinatero. "Ndimakafunsa Ababa ngati akufuna madzi."

"Bwezerani mmene inalili."

A Amon akanatha kunena. Akanangokweza nsalu ija n'kuti, taonani zimene achita apongozi anga. Ndinawaona akuyang'ana thabwa lija, kenako kumbuyo kumene kunali Ababa, amayi onse ali tcheru. Sananene. Anagwira kachitsulo kaja n'kukakankha, injini n'kukweza mawu. A Goodwell anaima pomwepo atapinda manja, kuti aone ngati wina angayerekeze kukagwiranso.

"A Mariamu, nyimbo!" anakuwa.

A Mariamu anayambitsa, ife n'kuvomera. Sindidziwa ngati munaimbapo nyimbo yachisangalalo mukumvetsera chitsulo. Pakamwa pankatuluka mawu otamanda, makutu ali kuseri kwa thabwa. The, the, the, tsopano mofulumira. Kautsi kopyapyala kanayamba kutuluka pansi pa nsalu ija n'kumakwawa m'miyendo mwathu. Mayi wina anachotsa mwana kumsana n'kumufungatira. Ndinayang'ana kutsogolo kufuna kuona mitengo ya kuboma, koma kunali madzi okhaokha ndi kamzere ka mtunda. Ndinkaopa moto, ndinkaopa madzi, koma koposa zonse ndinkaopa munthu wamfupi amene anaima pafupi ndi amuna anga.

Chinaphulika ngati mfuti. Paipi inang'ambika pakhosi, pafupi ndi injini, ndipo phokoso la injini linatulukira pamenepo lonse, losaphimbika. Utsi wakuda unadzaza pakati pa boti. Thabwa lija linagwa, ndipo kuseri kwake thonje linali lawilawi, moto ukukwera ndi penti kupita ku nthiti ya boti. Amayi anakuwa n'kukhamukira mbali imodzi, boti linapendekeka, madzi n'kulowa pamwamba. A Goodwell anagwa chagada pakati pa ng'oma, miyendo m'mwamba, amayi n'kuwapondaponda. Ndinkamva a Mariamu akukuwa, "Khalani pansi! Khalani pansi, mutimiza!"

Ine sindinasunthe, choncho ndinaona zonse. A Amon anazimitsa injini ndi dzanja limodzi. Linalo linagwira chinthu chimene chinali pafupi, kuchiviika m'madzi amene analowa aja, n'kuchikanikiza pamoto. Sanayang'ane kuti ndi chiyani. Nthawi yomweyo Ababa anatulukira mu utsi, sindidziwa kuti anadutsa bwanji anthu onsewo ndi miyendo yawo yokalamba. Anagwada n'kuyamba kuzula thonje loyaka mumpata muja ndi zala zawo, kuliponya m'nyanja, kuzulanso. Analikhomerera okha, ndiye ankadziwa mmene linalowera. Sanalire ngakhale kamodzi.

Moto unazima. Utsi unayamba kupita ndi kamphepo, boti likungoyandama, ana akulira. Amayi anabwerera m'malo mwawo mmodzimmodzi, ena akuti Yarabi, ena akuti Yesu. Kenako onse anayang'ana malo amodzi, ndipo ndinatsatira maso awo.

Nsalu ya chipani inali pansi, pakati pa mawondo a Ababa ndi a amuna anga, yonyowa, yakuda. Pamene panali nkhope panali bowo loti mutu wa munthu n'kulowa.

Anthu anatsekeredwapo chifukwa chokulungira usipa m'nyuzi ya chithunzi chimenecho. Tonse tinkazidziwa nkhani zotere.

A Goodwell anadzuka, malaya atang'ambika paphewa, chipewa chitapita ndi madzi. Anatola nsalu ija ndi zala ziwiri, kuitambasula, n'kutiyang'ana kudzera pabowopo. Ndinazindikira kuti nawonso ali ndi mantha, pakuti nsaluyo anaiyala ndi iwo. Munthu wamantha wotere amafuna dzina la wina msanga.

"Ndani wachita ichi?"

Anafunsa onse, koma ankayang'ana munthu mmodzi.

"Ndinanena ine," anapitiriza. "Ndinanena pamaso pa anthu. Mwachepetsa injini dala, mwayatsa moto, ndiye mwatenga nkhope ya..."

"Ndine."

Anali Ababa. Anali chigwadire, manja atawatambasula patsogolo, zala zitayera ndi matuza, khungu lina likulendewera.

"Paipi ndinamanga ndine dzulo, inu mutandiseka. Mwana uyu kunalibe, anali ku Dwangwa, asodzi onse akudziwa. Thonje ndinaika ndine. Moto utayaka, nsalu ndinagwira ndine. Manja ndi awa, aoneni."

A Amon anadzuka. "Bambo, koma nsaluyo..."

"Khalani pansi!" Ababa anali asanawakwezerepo mawu chikwatirire ine. "Kodi kwanu mkamwini amatsutsa apongozi ake pagulu? Ndalankhula ine, inu mukuti koma?"

Amuna anga anaima pakamwa pali yasa. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anakhala. Amayi amene anali pafupi, amene mwina anaona monga ndinaonera ine, aliyense anapeza chochita ndi mwana wake kapena mpango wake.

A Goodwell anapinda nsalu ija n'kuilowetsa m'malaya. "Nkhani ya nkhalambayi ine sindikuikhulupirira," anatero. "Nonse awiri mukafotokoza kuofesi. Lizani injini."

Kuliza sikunali kwa msanga. Tinadikira chitsulo chizizire, dzuwa likukwera, a tcheyamani akuyang'ana kumwamba n'kumatukwana chamumtima. Masipuling'i anapezeka m'thumba la zida la Ababa, atakulungidwa bwino m'kansanza pamodzi ndi kachitsulo kolendewera kaja, pakuti fundi sataya chitsulo ngakhale chimene wadana nacho. A Amon anazula lamba uja ku nthiti, kubwezera masipuling'i, n'kukulunga pong'ambika paja ndi chitini ndi waya. Ababa anakhala pambali akuyang'anitsitsa, manja ali m'beseni la madzi limene a Mariamu anawagwirira. Pena anafunsa, osadzera mwa ine, kuti bawuti amaisiya pati. A Amon anawaonetsa ndi chala.

Injini inalira, paipi ikuchita gwedegwede kuposa kale, utsi ukutuluka m'mbali. Ababa anabwerera kumbuyo n'kupanira chiwongolero m'khwapa. Tinayenda pang'onopang'ono, ndipo palibe anaimba. Ine ndinakhala pafupi ndi amuna anga. Njira yonse ndinkawerenga nkhope ya a Goodwell, kufuna kudziwa dzina limene akukonza kukanena.

Tisanaone n'komwe gombe la kuboma tinamva ng'oma. Gule anali atayamba kalekale. Titatsika, anyamata a chipani anatithamangira n'kuyamba kutikusa ngati mbuzi, akuti a Liwaladzi mwatichititsa manyazi, nduna yakhala kale pampando. A Goodwell anawanong'oneza awiri a iwo, n'kuwaonetsa kansonga ka nsalu m'malaya mwawo. Anyamatawo nkhope zinasintha. Wina anagwira mkono wa a Amon, wina wa Ababa. Ababa anati asawagwire m'manja, ayenda okha.

Ndinafuna kuwatsatira, koma a Mariamu anandikoka chitenje.

"Ukatsatira uwonjezera mlandu. Tiye ukavine, ndipo uvine kuposa tonse."

Ofesi ija inali kuseri kwa bwalo, kanyumba ka malata ka chitseko chobiriwira. Ndinawaona akulowa, Ababa patsogolo, a Amon pambuyo, chitseko n'kutsekedwa. Ife anatilowetsa m'bwalo nthawi yomweyo. Tinapanga bwalo lathu, ng'oma zinagunda, a Mariamu anayambitsa ndi mawu awo osasa aja.

Gule wathu ndi wozungulira. Ndiye chitseko chija ndinkachiona pang'ono, kenako n'kuchipatsa msana, kudutsa kutsogolo kwa nsanja ya alendo ndikumwetulira, n'kubweranso pochionera. Chotseka. Kuzunguliranso, chotseka. Ndinavina tsiku limenelo, chiuno chikuyenda chokha, thukuta likulowa m'maso. Ndinayesa kupemphera koma sindinadziwe chopempha, pakuti ndinkadziwa kuti a Goodwell sangatuluke m'menemo opanda dzina loti apereke. Ndinkangoti Yarabi, Yarabi, mogwirizana ndi ng'oma.

Nyimbo yoyamba inatha, anatiuza tibwereze chifukwa alendo aikonda. Tinabwereza. Tili mkati mwa ina, ndikutembenuka, ndinaona chitseko chili chotsegula. Gule anandipititsa, ndinadutsa pansanja khosi litapotokera m'mbuyo, ndipo nditabwerera pamalo paja ndinaona munthu ataima pakhonde, akuphimba maso ndi dzanja chifukwa cha dzuwa. Anali a Amon.

Ndinakondwa. Chimwemwe chinandikwera kuchokera m'mimba, ndinaimba nthungululu yaikulu moti amayi a patsogolo anacheuka, ndipo wina pansanja anaomba m'manja. Ndinazungulira ulendo wonsewo mapazi osagunda pansi, ndikuti amuna anga atuluka, bambo a Safiya akubwerera kunyumba.

Nditafikanso pochionera, ndinayang'ana kumbuyo kwawo. Chitseko chinali chitatsekedwanso. A Amon anali chiimire pakhonde paja okha, manja ali lende, akundifunafuna m'gulu la amayi, ndipo atandipeza anapukusa mutu pang'ono.

Mapazi anga anaima. Wa kumbuyo anandigunda, mzere unayamba kupindika, ndipo mnyamata wina wa chipani anatembenuka kuyang'ana kumene kwasokonekera. A Mariamu anafika pambali panga osasiya kuvina, n'kunditsina m'nthiti mwamphamvu.

"Imba, Rahila," anatero, mano ali pamtunda ngati akuseka. "Akukuona. Imba."

Ndinaimba.